Mfumu, Mgodi ndi Alendo: Kuunikanso Fantastic Four Nambala 52 ya mu 1966

Mawu Oyamba

Pa chikuto cha kabuku ka nthano za m'zithunzi kotchedwa Fantastic Four, kope la nambala 52, panalembedwa mwezi wa Julaye 1966 ndi mtengo wa masenti 12. Kabukuka kanasindikizidwa ku New York ndi kampani ya Marvel Comics. Malinga ndi chizolowezi cha osindikiza a ku America, mwezi wa pachikuto unkakhala wam'tsogolo, kotero ana a kumeneko anayamba kukawerenga miyezi ingapo Julaye asanakwane. M'kope limeneli ndimo munaonekera koyamba Black Panther, kapena kuti Nyalugwe Wakuda, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda. Ambiri amamutenga iyeyu ngati munthu wakuda woyamba kupatsidwa mphamvu zoposa za munthu wamba m'timabuku ta makampani akuluakulu a ku America.

Chaka cha 1966 chinali chaka cha zochitika zambiri m'chigawo chathu chino. Pa 6 Julaye dziko la Malawi linakhala lipabuliki. Dziko la Botswana linalandira ufulu pa 30 Seputembala, ndipo la Lesotho linatsatira pa 4 Okutobala. Ku Rhodesia, Ian Smith anali atalengeza ufulu wa azungu okhaokha mu Novembala 1965, pamene ku Mozambique nkhondo ya Frelimo inali italowa m'chaka chachiwiri. Nkhani ino ikuunika kope la 52 pamodzi ndi lotsatira lake la 53, limene limamaliza nthanoyo, pofuna kuona chimene amisiri awiri achizungu a ku New York anaona pamene anatembenukira ku Africa m'chaka chotere. Mfundo yathu ndi yakuti kabukuka kanagwetsa bodza limodzi lakale, loti Mwafirika sangamange chinthu chachikulu ndi nzeru zake, koma kanasunga chikhulupiriro china chimene chatipweteka kwambiri kuno kwathu, choti dziko lonse lingathe kukwanira mwa munthu mmodzi.

Gulu la Anthu Anayi ndi Amisiri Ake

Kope loyamba la Fantastic Four linatuluka ndi deti la Novembala 1961. Nthawi imeneyo kampani yopikisana nayo ya DC inali itayamba kupindula ndi gulu lake la ngwazi lotchedwa Justice League of America, limene linayamba mu 1960, ndipo mwini wa Marvel, Martin Goodman, anafuna gulu lakelake. Ntchitoyo anaigwira Stan Lee, yemwe anali mkonzi ndi mlembi, pamodzi ndi Jack Kirby, wojambula. Onse awiri anali ana a Ayuda amene anasamukira ku America kuchokera ku Ulaya. Kirby, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Jacob Kurtzberg, anakulira m'dera la anthu osauka la Lower East Side ndipo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Ulaya.

Nthano yake imayamba ndi anthu anayi amene akukwera chombo chopita mumlengalenga mothamanga, pofuna kupambana achikomyunizimu pa mpikisano wa nthawi imeneyo. Kumwambako akuwombedwa ndi cheza choopsa ndipo akubwerera ali osandulika. Reed Richards, katswiri wa sayansi, thupi lake likutha kutamuka ngati mphira. Sue Storm akutha kuzimiririka osaoneka. Mlongo wake Johnny akutha kuyaka moto n'kuuluka, pamene Ben Grimm wasanduka chimunthu chamiyala champhamvu zosaneneka. Chimene chinakopa owerenga n'chakuti anayiwa ankakhala ngati banja lenileni: ankakangana, kunyanyalitsana, kusowa ndalama, kenaka n'kugwirizananso.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kofunika kukamvetsa. Lee sankalemba nkhani yonse poyamba. Awiriwa ankakambirana mutu wa nkhani mwachidule, nthawi zina mwachidule kwambiri, kenaka Kirby ankajambula masamba onse, n'kulemba timawu tofotokoza m'mphepete, ndipo Lee ankaika mawu m'kamwa mwa anthuwo pomaliza. N'chifukwa chake mpaka lero pali mkangano woti mwini weniweni wa maganizo ambiri anali ndani. Awiriwa anatulutsa makope 102 motsatizana kufikira mu 1970. Pofika mu 1966 anali pachimake pa luso lawo, pakuti makope a 48 mpaka 50 anali atangofotokoza za Galactus, chimphona chodya maiko, ndipo inki ya Joe Sinnott inali itapatsa zojambula za Kirby ukhondo ndi kuwala kumene kunalibe kale.

Zimene Zili m'Kope la 52

Nthano ikuyamba ndi mphatso. Mfumu ina ya ku Africa yatumiza kwa anthu anayiwa chombo chouluka chopanda phokoso, chimene ngakhale Reed Richards, munthu wanzeru koposa onse m'nthanozi, akudabwa nacho. Ben Grimm akuseka monyodola, kufunsa kuti munthu wonga amene amaoneka m'mafilimu a Tarzan angachipeze kuti chinthu chotere. Nthumwi ya mfumuyo ikuwaitanira ku ulenje waukulu ku Wakanda, ndipo ikulankhula ndi kwawo pogwiritsa ntchito kachipangizo kakang'ono kamene Reed sanakaonepo. Akuvomera, ndipo Johnny akutenga mnzake wa ku koleji, Wyatt Wingfoot, mnyamata wa mtundu wa eni nthaka ya America, amene alibe mphamvu iliyonse yodabwitsa.

Atafika, chombo chikuboola masamba a mitengo, ndipo pansi pake akupeza nkhalango yopangidwa ndi manja a anthu. Mitengo yake ndi mipope yachitsulo, zilambe zake ndi mawaya, maluwa ake ndi timagetsi. Apa mpamene akuzindikira kuti nyama zosakidwa pa ulenjewo ndi iwo omwe. Nyalugwe Wakuda akuwabalalitsa n'kuwagonjetsa mmodzimmodzi. Johnny akukodwa mu msampha wozimitsa moto. Ben akumwa madzi othiridwa mankhwala ofoola thupi. Sue akupezeka ndi fungo lake ngakhale ali wosaoneka, ndipo Reed akumangidwa mu mdima. Munthu yekhayo amene mfumu sinamuwerengere ndi Wyatt Wingfoot, ndipo iyeyo ndi amene akumasula Johnny. Anayiwo atakumananso pamodzi, Nyalugwe akuvomera kugonja, akuvula chigoba chake, n'kulonjeza kufotokoza mbiri yake.

Tikaiona ngati nthano chabe, ili ndi zofooka zoonekeratu. N'zovuta kukhulupirira kuti mfumu yanzeru ingatchere misampha alendo amene yawaitana yokha pongofuna kuyesa mphamvu zake, ndipo kwa ife amene tinaleredwa ndi mwambi woti mlendo ndi mame, khalidwe limeneli ndi lachilendo ndithu. Mawu a Lee ndi ochuluka, moti anthu amafotokoza nkhonya iliyonse pamene akuiponya. Komabe kamangidwe ka nthanoyi n'kaluso. Wonyoza pa tsamba loyamba ndi amene akugwetsedwa pakati pa nkhani, ndipo wowerenga amene anaseka naye limodzi akugwa naye limodzi. Ngwazi zinayi zimene zinali zitangopulumutsa dziko lapansi zikupulumutsidwa ndi mnyamata wa mtundu umene mafilimu a ku America ankauonetsa ngati wogonja nthawi zonse. Phunziro la kumapeto ndi lomwe lija timalidziwa, loti mutu umodzi susenza denga, ndipo likugwira mbali zonse ziwiri: anayiwo amagonja akakhala payekhapayekha, ndipo mfumu nayo ikugonja chifukwa ikumenya nkhondo yokha.

Africa wa m'Timabuku Wakanda Asanabwere

Kuti timvetse kulemera kwa nkhalango ya mawaya ija, tiyenera kukumbukira chithunzi cha Africa chimene owerenga a ku Ulaya ndi America anali atazolowera. Mu 1885 H. Rider Haggard anatulutsa buku la King Solomon's Mines, ndipo mu 1912 Edgar Rice Burroughs, munthu amene sanapondepo pa nthaka ya Africa, anayambitsa nthano za Tarzan. Pambuyo pake panabwera Tintin ku Congo mu 1930, The Phantom mu 1936, Sheena ndi ena ambiri. M'nthano zoterezi ngwazi imakhala mzungu, ndipo anthu akuda amakhala onyamula katundu, odya anzawo kapena ogwada. Mzinda wokongola ukapezeka pakati pa nkhalango, omanga ake amakhala alendo ochokera kutali. Mzinda wa Opar wa m'nthano za Tarzan, mwachitsanzo, akuti unamangidwa ndi anthu a ku Atlantis.

Bodza limeneli silinathere m'mabuku a nthano. Karl Mauch atafika pa mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871 anawagwirizanitsa ndi Mfumukazi ya ku Sheba, ndipo Theodore Bent, amene anafukula pamalopo mu 1891, ananena kuti omanga ake anachokera kunja kwa Africa. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anaonetsa ndi umboni kuti malinga amiyalawo anamangidwa ndi Aafirika, koma boma la Smith linapitiriza kuphimba choonadi chimenechi, mpaka katswiri wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Choncho pamene ku Salisbury kunali kovuta kunena poyera kuti makolo a Ashona anaunjika miyala, kabuku ka masenti 12 kankauza ana a ku America kuti Aafirika apanga makina oposa a ku New York. Wakanda ali ndi maonekedwe onse a mzinda wobisika wa m'nthano zakale, kupatula chinthu chimodzi chachikulu: eni ake ndi omanga ake ndi anthu akuda.

Tisaiwale kuti panali ena amene anayesapo kale. Mu 1947 mtolankhani wachikuda wa ku Philadelphia, Orrin C. Evans, anatulutsa All-Negro Comics, kabuku kolembedwa ndi kujambulidwa ndi anthu akuda okhaokha. M'menemo munali Lion Man, mnyamata wophunzira amene bungwe la United Nations linamutuma kukalondera phiri la miyala ya yureniyamu ku Gold Coast. Kabukuka kanangotuluka kamodzi kokha. Mu 1954 kampani ya Goodman yomweyo, ikudziwika ndi dzina loti Atlas, inasindikizapo nthano za Waku, kalonga wa Chibantu. Chimene Black Panther anaposa nacho onsewa ndi malo amene anaikidwa, pakati penipeni pa kabuku kotchuka, kumenyana ndi ngwazi zokondedwa n'kuzigwetsa.

Chulu Chopatulika ndi Migodi Yeniyeni

Kope la 53, la Ogasiti 1966, likufotokoza gwero la chuma cha Wakanda. M'dzikomo muli chulu chopatulika cha mwala wotchedwa vibranium, umene umameza kunjenjemera kulikonse ndi phokoso lililonse. Zaka 10 m'mbuyomo mzungu wina, Ulysses Klaw, anabwera ndi anthu ake kudzafuna mwalawo. Mfumu T'Chaka itakana, inaomberedwa ndi mfuti zachiwaya pamodzi ndi anthu ake, ndipo mudzi unatenthedwa. Mwana wa mfumuyo, amene m'nthano zam'tsogolo anadziwika ndi dzina loti T'Challa, analanda chida cha Klaw n'kumuphwanya nacho dzanja. Atakula anagulitsa pang'ono pokha pa mwalawo, anakaphunzira m'mayunivesite akunja, n'kubwerera kudzamanga zonse zimene alendowo aona. Kuwasaka kuja kunali kudziyesa ngati wakonzeka kukumana ndi Klaw kachiwiri.

Pamene mfumu ikufotokoza, Ben Grimm akuyasamula n'kunena kuti nkhani yotere waionera kambirimbiri m'mafilimu a m'nkhalango. Kwa iye ndi nthano yotopetsa. Kwa wowerenga wa m'chigawo chino ndi mbiri imene ili m'mabuku a sukulu. Mu 1888 Charles Rudd anapeza chidindo cha Lobengula pa chikalata chopereka miyala yonse ya m'dziko lake kwa anthu a Cecil Rhodes, posinthana ndi mapaundi 100 pa mwezi, mfuti 1,000 ndi zipolopolo 100,000. Patangopita zaka zisanu, mu 1893, ankhondo a Amandebele anatha ndi mfuti za Maxim. Mu 1890 Lewanika wa ku Barotseland anasaina chikalata cha Lochner, ndipo pa zikalata zotere kampani ya British South Africa Company inamangapo ufulu wake wolandira msonkho wa mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Inaugwiritsitsa ufuluwo mpaka maola omaliza dziko la Zambia lisanabadwe pa 24 Okutobala 1964, ndipo inausiya italandira mapaundi 4 miliyoni.

Chitsanzo choyandikira kwambiri kwa vibranium chili ku Katanga. Mgodi wa Shinkolobwe, wa kampani ya Union Minière du Haut-Katanga, unali ndi miyala ya yureniyamu yamphamvu kuposa ina iliyonse yodziwika nthawi imeneyo. Mu 1940 mkulu wa kampaniyo, Edgar Sengier, anatumiza matani oposa 1,000 a miyalayo ku New York, ndipo gawo lalikulu la yureniyamu imene Amereka anagwiritsa ntchito pokonza mabomba a atomiki a mu 1945 inachokera kumeneko. Congo itangolandira ufulu mu 1960, chigawo cha Katanga chinadzipatula mothandizidwa ndi a ku Belgium. Patrice Lumumba anaphedwera komweko pa 17 Januwale 1961, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho mlembi wamkulu wa United Nations, Dag Hammarskjöld, anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola. Zonsezi zinali m'nyuzipepala za ku New York m'zaka zotsogolera kope la 52.

Tikaika mbiri imeneyi pambali pa nthanoyi, tikuona kuti Wakanda ndi yankho la funso limene Aafirika ambiri anadzifunsapo: zikanakhala bwanji mfumu ikanakana, ndipo kukanako kukanagwira? M'nthanoyi mwala ukugulitsidwa ndi mwini wake, pa mlingo umene wasankha yekha, ndipo phindu lake likusanduka maphunziro ndi makina m'dziko momwemo. Zimenezi ndi zomwe boma la Kenneth Kaunda linkalakalaka pamene linalengeza ku Matero mu Ogasiti 1969 kuti litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi ya mkuwa. Mbiri inaonetsa kuti kukhala mwini wa mgodi sikukwanira ngati mtengo wa mwala ukukhazikitsidwa ku London, pakuti mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975 chuma cha Zambia chinagwa nawo. Mwala wa m'nthano uli ndi mwayi umene mkuwa unalibe, woti supezeka mwa wina aliyense pamsika.

Dziko la Munthu Mmodzi

Apa mpamene kabukuka kakuyenera kudzudzulidwa. Sayansi yonse ya ku Wakanda, monga mmene ikufotokozedwera mu 1966, ndi ya mfumu yokha. Iyo ndi imene inaphunzira, iyo ndi imene inapanga makina, ndipo chuma chikunenedwa ngati chake. Anthu wamba akuoneka atanyamula mikondo ndi zishango, akuvina pamaso pa alendo, kapena akulondera. Palibe mmisiri, mphunzitsi kapena nduna imene ikutsutsa mfumu, ndipo mawu a akazi a m'dzikomo sakumveka n'komwe. Nzerunso zikuchokera kumayunivesite akunja. Wakanda amene anthu amamudziwa masiku ano, wokhala ndi luso lake la zaka mazanamazana, anamangidwa ndi olemba am'tsogolo.

Chithunzi cha mwana wa m'mudzi wopita kutsidya la nyanja n'kubwerera kudzawombola anthu ake sichinali chongopeka. Kwame Nkrumah anaphunzira ku Lincoln University, Eduardo Mondlane ku Oberlin ndi ku Northwestern, ndipo Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937 asanapite ku Edinburgh. Atabwerera ku Nyasaland pa 6 Julaye 1958, analandiridwa ngati mpulumutsi. Liwu lakuti ngwazi, limene tikuligwiritsa ntchito m'nkhani ino ponena za anthu a m'timabukuti, kwa zaka 30 ku Malawi linali la munthu mmodzi yekha. Malamulo amene anapanga dzikolo kukhala lipabuliki mu Julaye 1966 ndi omwenso analikhazikitsa kukhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 ngwaziyo inakhala pulezidenti wamuyaya. Ku Ghana, Nkrumah anachotsedwa ndi asilikali pa 24 Febuluwale 1966. Amene anakhalapo pansi pa maulamuliro otere amadziwa kuti nthano ya mtsogoleri wodziwa zonse imakoma poimva kuposa poikhala.

Mbiri ya chaka chomwecho ikutipatsa chitsanzo china chosiyana. Seretse Khama anali mlowam'malo weniweni wa ufumu wa Bamangwato ndipo anaphunzira ku Oxford ndi ku London. Mu 1956 anausiya ufumuwo, ndipo mu 1966 anakhala mtsogoleri wa Botswana kudzera m'masankho. Miyala ya dayamondi itapezeka ku Orapa mu 1967, m'dera la mtundu wake womwe, boma lake linaika umwini wa miyala ya pansi pa nthaka m'manja mwa dziko lonse. Kalonga weniweniyu anachita zimene kalonga wa m'nthano sanaganizeko, kuchotsa chulu chopatulika m'manja mwa banja limodzi.

Chigoba ndi Dzina

Zojambula zoyambirira za Kirby zimene zinasungidwa zimaonetsa munthuyu ali ndi dzina loti Coal Tiger, nkhope yake ili poyera. Palinso chikuto china cha kope la 52 chimene sichinagwiritsidwe ntchito, pamene chigoba chikusiya kamwa ndi chibwano poonekera. Chikuto chimene chinasindikizidwa chinaphimba thupi lonse, moti wogula sakanadziwa khungu la munthuyo asanatsegule kabukuko. Ofufuza ena amati kampani inkaopa ogulitsa a m'zigawo za kummwera kwa America, kumene tsankho linali litangothetsedwa pa lamulo mu 1964 koma likadali lamoyo m'mitima. Chifukwa chake kaya chinali chotani, zotsatira zake zinathandiza nthano, pakuti kuvula chigoba pa tsamba lomaliza kunakhala ndi mphamvu yaikulu.

Dzinalo nalo linali kale m'kamwa mwa anthu. Gulu la asilikali akuda la akasinja, la nambala 761, linkadziwika nalo pa nkhondo yachiwiri. Ku Alabama, bungwe la Lowndes County Freedom Organization, limene Stokely Carmichael anathandiza kulikhazikitsa, linali litasankha nyalugwe wakuda ngati chizindikiro chake. Chipani cha Black Panther Party cha Huey Newton ndi Bobby Seale chinakhazikitsidwa ku Oakland mu Okutobala 1966, kabukuka katatuluka kale. Kufanana kwa mainaku kunaopsa kampani, moti m'kope la 119 la Febuluwale 1972 mfumuyo inasintha dzina kwa kanthawi n'kukhala Black Leopard. Chodabwitsa n'chakuti kope lomwelo, lolembedwa ndi Roy Thomas, ndi limene linalimba mtima kwambiri pa nkhani za kuno. T'Challa akutsekeredwa m'ndende m'dziko la tsankho lotchedwa Rudyarda, dzina lokumbutsa Rudyard Kipling, ndipo pomaliza Ben Grimm, wonyoza uja wa mu 1966, akugumula zitseko zolekanitsa azungu ndi anthu akuda.

Pambuyo pa 1966

Kumapeto kwa kope la 53 mfumu ikulonjeza kutumikira mtundu wonse wa anthu, ndipo lonjezo limeneli linaichotsa kwawo. Mu 1968 inalowa gulu la Avengers ku New York, kenaka inayamba kuphunzitsa sukulu kumeneko pansi pa dzina loti Luke Charles. Amene anaibwezera ku Wakanda anali Don McGregor, m'nthano yaitali ya Panther's Rage ya mu 1973 mpaka 1975, imene masamba ake ambiri anajambulidwa ndi Billy Graham, mmisiri wachikuda. M'menemo anthu a ku Wakanda anayamba kulankhula, ndipo Erik Killmonger anaukira mfumu imene inasiya anthu ake. Mu 1989 McGregor anatumiza T'Challa ku South Africa wa tsankho kukafuna mayi ake. Olemba achikuda anatenga nthanoyi pambuyo pake: Christopher Priest mu 1998, Reginald Hudlin mu 2005, ndi Ta-Nehisi Coates mu 2016, amene anafunsa mosabisa ngati dziko lotsogola chotere liyenera kulamulidwa ndi mfumu.

Filimu ya Ryan Coogler ya mu 2018 inapeza madola oposa 1.3 biliyoni. Anthu a ku Wakanda analankhula Chixhosa, ena anafunda mabulangete a Abasotho, ndipo John Kani anakhala T'Chaka. Pabwalo la akuluakulu a mfumu, mtsogoleri wa fuko la anthu a m'migodi anali Connie Chiume, amene anabadwira m'tauni ya migodi ya golide ya Welkom mu 1952, bambo ake ali ochokera ku Malawi. Mayiyu anamwalira mu 2024. Chigawo chimene kwa zaka zambiri chinatumiza amuna ake kukakumba golide wa anthu ena chinapeza mpando, ngakhale wa m'filimu, pabwalo logamula za mgodi.

Mawu Omaliza

Kope la 52 la Fantastic Four linalembedwera ana a ku America kuti ligulitsidwe mwezi umodzi n'kuiwalika, ndipo olemba ake ankadziwa Africa kudzera m'mafilimu ndi m'nyuzipepala. Ngakhale zinali choncho, anagwira mfundo ziwiri zoona: kuti nkhondo zambiri za m'maiko athu zinayambira pa zimene zili pansi pa nthaka, ndiponso kuti kunyoza kwa mlendo kumachokera mu umbuli wake. Chimene sanachione ndi anthu wamba, ndipo cholakwa chimenechi anagawana ndi atsogoleri ambiri a nthawi yawo. Masiku ano maso a maiko olemera ali pa kobati wa ku Congo, lifiyamu wa ku Zimbabwe, gasi wa ku Cabo Delgado ndi miyala yosowa ya ku Kangankunde, ndipo funso la T'Chaka labweranso pakhomo pathu. Wophunzira wowerenga kabukuka lero angachite bwino kuyang'ana kupyola mfumu yovala chigoba, n'kuona anthu amene Kirby anawajambula kumbuyo kwake atanyamula mikondo, pakuti funso loti chulu n'cha yani likuyenera kuyankhidwa ndi iwowo.